Khosi Lakudalo Si Litsiro

Adzukulu anga, ndiyamba ndi kuulula cholakwa changa, chifukwa sindingakulangizeni bwino ndikubisa pamene ine ndinapunthwa.

Mdzukulu wanga wamkazi, mwana wa mwana wanga wachiwiri, amakhala ku Chipata ndi makolo ake. Ali ndi zaka 14 anabwera kuno ku Chiparamba kudzatha tchuthi cha mu Ogasiti. Atatsika panjinga yamoto ndinaimba nthungululu. Thupi linali litadzaza, masaya atatuluka, diresi ya pa Khirisimasi itamuthina. Mumtima ndinati mwana wanga akusunga bwino banja lake. Amayi anzanga a kumpingo atabwera kudzamuona ananena zomwezo: "Koma ndiye mwakula bwino, mama! Kutauni akukudyetsani." Madzulo ake ndinapha nkhuku, ndinatuma mwana kukagula zakumwa za m'botolo, ndipo m'mawa uliwonse ndinkamuthirira shuga masupuni anayi mu tiyi, vitumbuwa zili pambali.

Tsiku lachitatu, ndikumuluka tsitsi pakhonde, ndinaona kuti kumbuyo kwa khosi kuli bii ngati kunsi kwa mphika, khungu lake lokhuthala, la timizeremizere. Nditamukweza mkono, m'khwapa munali chimodzimodzi. Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti namwali wamkulu wosadziwa kusamba ndi chitonzo kwa amayi ake ndi kwa ine. Anandiyankha motsitsa mawu kuti, "Ambuya, ndimasamba kawiri patsiku." Sindinamvere. Ndinamutengera kubafa, ndinatola mwala wokhulira mapazi ndi sopo wochapira zovala, n'kumukhula mpaka khungu linasupuka. Sanakuwe ayi, misozi yokha ndiyo inkatsika. Chilonda chinapola, koma kudako sikunachoke.

Patapita miyezi ingapo amayi ake anamutengera kuchipatala pa nkhani ina. Msambo wake unkadumpha miyezi iwiri, nthawi zina itatu, ndipo m'nyumba munali kale manong'onong'o akuti mwina mwana wachimwa. Namwino amene anawalandira anamvetsera zonse, kenako anauza mtsikanayo kuti aweramitse mutu. Atayang'ana khosi anati, "Amayi, ili si litsiro. Thupi la mwanayu likulimbana ndi shuga." Anamuyeza ngati ali ndi pakati, sanapeze kanthu. Anamuuza kuti abwerenso m'mawa asanalawe chilichonse, n'kumuyeza magazi. Shuga anali asanafike pa matenda enieni, koma anali ataima pakhomo.

Uthengawo utandipeza sindinagone. Ndinaphunzitsa ana zaka zoposa 30, ndinkawajambulira mtima ndi mapapo pabolodi, koma khosi la mdzukulu wanga ndinalephera kuliwerenga. Kuchokera tsiku limenelo ndakhala ndikufunsa anamwino ndi madokotala, ndi kuwerenga chilichonse chofika m'manja mwanga. Zimene ndatolazo ndi zimene ndikufuna kukusiyirani.

Nsima, buledi, mpunga, kandolo, chilichonse chokhutitsa chikafika m'matumbo chimasanduka shuga, ndipo shugayo amalowa m'magazi. Palibe choipa pamenepo, ndi mmene tinalengedwera kuti tizipeza mphamvu. Koma shuga sayenera kuchedwa m'magazi. Malo ake ndi m'minofu ndi m'chiwindi, monga chimanga chokolola malo ake ndi m'nkhokwe, osati pamsewu. Kuseri kwa chifu kuli kachiwalo kotchedwa kapamba, kamene kamatulutsa timadzi totchedwa insulini. Insuliniyo ali ngati mnyamata woyendetsa ngolo nthawi yokolola. Amafika pakhomo lililonse ndi katundu n'kuitana kuti, "Odi kuno!" Eni nyumba akamva amatsegula nkhokwe, chimanga n'kulowa, msewu n'kuyera.

Tsono taganizani mudzi umene nkhokwe zake zadzaza kale, koma ngolo zikungobwerabe, m'mawa, masana ndi usiku womwe. Eni nyumba amayamba kukhala ngati sakumva odi. Mnyamata mmodzi akaitana palibe woyankha, mpaka atatu kapena asanu akuwe pamodzi ndi pamene chitseko chimatseguka pang'ono. Ndi mmene zimakhalira m'thupi limene mafuta achuluka, makamaka mafuta a m'mimba, ozinga matumbo ndi olowerera m'chiwindi. Minofu imagontha, ndipo kapamba amakakamizika kutulutsa insulini wochuluka kuposa kale kuti ntchito yomweyo itheke. Madokotala amati insulin resistance, ine ndimangoti thupi lasiya kumvera insulini. Si nkhani yatsopano kwa iwo. Mu 1936 dokotala wa ku London, Harold Himsworth, anaonetsa kuti odwala shuga ali pawiri: ena alibe insulini, ena ali naye koma thupi silimumva.

Choopsa chake n'chakuti pa zaka zoyambirira munthu samva kupweteka paliponse. Ngakhale atayezetsa, shuga akhoza kuoneka ali bwinobwino, poti kapamba akugwira ntchito ya anthu atatu kuti vutolo lisaonekere. Chakudza sichiimba ng'oma. Komabe insulini akachuluka m'magazi amasiya mapazi m'mene wadutsa. Amakulitsa khungu la m'khosi, la m'khwapa ndi la m'mphechepeche mpaka lide ndi kukhuthala. Dzina lake m'mabuku a zachipatala ndi acanthosis nigricans, ndipo palibe sopo, mwala kapena mafuta oyeretsa khungu amene angalichotse, chifukwa likuchokera mkati. Mwa atsikana ena amasokoneza ziwalo zosunga mazira, msambo n'kumadumphadumpha, ziphuphu n'kuchuluka, tsitsi n'kuyamba kumera pachibwano. Vutoli limayenda limodzi ndi BP yokwera komanso mafuta a m'chiwindi.

Ndipo kapambayo si chitsulo. Inu okulira kuno mukudziwa zimene zimachitika ng'ombe yolima ikamamangidwa m'goli tsiku ndi tsiku osapumula: tsiku lina imangogona mumzere, ngakhale muikwapule siidzuka. Kapamba akatopa, shuga amasefukira m'magazi, ndipo pamenepo ndi pamene timati munthu wadwala matenda a shuga a mtundu wachiwiri.

Mwina mukuti, ambuya, amenewo ndi matenda a madoda a mimba zazikulu, ife tikadali ana. Ifenso tinkatero. Koma pali chinthu chimodzi chokhudza msinkhu wanu chimene ndikufuna muchigwiritsitse. Mwana aliyense akamatha msinkhu, wonenepa ndi woonda yemwe, thupi lake limachepetsa kumvera insulini, pafupifupi ndi 30 pa 100. Zimachitika chifukwa cha timadzi tokulitsa thupi, ndipo mwa ambiri zimabwerera mwakale kukulako kukatha. Koma mwana akalowa m'zaka zimenezi atasenza kale mafuta ochuluka, ndiye kuti mitolo iwiri yakumana pamutu umodzi, ndipo kawirikawiri thupi silibwereranso mwakale.

Ku America anatsatira achinyamata 699 a zaka zapakati pa 10 ndi 17 amene anali ndi shuga wa mtundu wachiwiri, pa kafukufuku wotchedwa TODAY. Zotsatira zoyamba zinatuluka mu 2012. Mwa amene ankamwa metformin yekha, mankhwala amene amasunga akuluakulu ambiri kwa nthawi yaitali, pafupifupi theka anafika poti mankhwalawo sakuwakwanira patangopita zaka zochepa. Ofufuzawo anapitiriza kutsatira 500 mwa iwo, ndipo mu 2021 anafotokoza zimene zinawagwera. Ambiri ali ndi zaka za m'ma 26, anthu 60 pa 100 alionse anali kale ndi vuto la impso, la maso kapena la mitsempha, ndipo awiri mwa atatu alionse anali ndi BP yokwera. Zaka 26! Msinkhu umene munthu akuyenera kukhala akuumba njerwa za nyumba yake yoyamba. Shuga akayamba paubwana amathamanga kuposa woyamba paukalamba. Ndipo amenewo ndi ana a dziko lodzaza ndi zipatala. Kwathu kuno impso zikafa, makina otsuka magazi amapezeka m'zipatala zazikulu zokha, ndipo wodwala amafunika kukagonekedwa pa makinawo kawiri kapena katatu mlungu uliwonse. Ndi banja liti la kuno lingakwanitse ulendo umenewo chaka chonse?

Musaganize kuti ndi za kutsidya kwa nyanja zokha. Mu 2017 unduna wathu wa zaumoyo, mothandizana ndi bungwe la WHO, unayeza anthu a zaka 18 mpaka 69 m'dziko lonse la Zambia. Unapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa anayi alionse ali ndi thupi lolemera mopitirira muyezo, mmodzi mwa asanu ali ndi BP yokwera, ndipo 6 pa 100 alionse ali ndi shuga wokwera. Kwa abale athu tsidya la Mwami, kafukufuku wa ku Lilongwe ndi ku Karonga amene anafalitsidwa mu 2018 anapeza amayi 44 pa 100 a m'tauni ndi 27 pa 100 a kumudzi ali onenepa mopitirira. Taonani, kumudzi komwe. Padziko lonse, WHO ikuti mu 1990 ana ndi achinyamata 8 pa 100 a zaka 5 mpaka 19 ndi amene anali olemera mopitirira, koma pofika 2022 anali 20 pa 100.

Tsono mudzifunsa: ngati zili choncho, n'chifukwa chiyani ambuya anaimba nthungululu? Musatiweruze msanga ife akuluakulu. Maso athu anaona zinthu ziwiri zimene zinatiphunzitsa kuopa thupi loonda. Choyamba ndi njala. Mu 1992 mvula inakana, tinadya chimanga chachikasu chochokera kunja, ndipo mu 2002 nkhokwe zinaumanso. Inunso mwalawako, pakuti pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Chachiwiri ndi kaliwondewonde. Ma ARV asanayambe kuperekedwa mwaulere m'zaka za m'ma 2000, tinaika m'manda ana athu, aphunzitsi anzathu, alongo athu, onse atatha ngati ndodo. Masiku amenewo munthu akangoonda pang'ono, anthu ankamuloza ndi milomo akamadutsa. Mwana wonenepa anali umboni woti m'nyumbamo mulibe njala ndipo mulibe matenda aja. Mayi amene anaikapo mwana woonda m'manda, mukamuuza lero kuti mdzukulu wake wanenepa kwambiri, mukulimbana ndi chilonda chimene sichinapole. Muzimuuzabe, koma mofatsa.

Ndipo chikondi chathu tinachizolowera kuchionetsa ndi zotsekemera. Tili ana, shuga anali wa alendo, chakumwa cha m'botolo chinali cha pa Khirisimasi, botolo limodzi ana atatu. Titakula n'kugwira kandalama, tinati ana athu asadzasilire zimene ife tinkasilira. Cholinga chinali chabwino, koma Khirisimasi ya tsiku ndi tsiku thupi silingaisenze.

Njala yomwe ija ili ndi mchira wina umene ambiri sitiudziwa. Mu 1992 akatswiri awiri a ku Britain, Nicholas Hales ndi David Barker, anafotokoza kuti mwana amene anasowa chakudya ali m'mimba kapena ali wakhanda, thupi lake limadzimanga mokonzekera dziko la njala. Limakhala losunga, ndipo kapamba wake sakhala ndi mphamvu zambiri zapadera. Mwana woteroyo akadzakumana ndi zonona ndi zotsekemera atakula, shuga amamupeza msanga, ngakhale asananenepe kwambiri. Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lino wa 2013 mpaka 2014 anapeza kuti ana 40 pa 100 osakwana zaka zisanu anali opinimbira, ndipo wa 2018 anapeza 35 pa 100. Ana amenewo ndinu, amene muli kusukulu lero. N'chifukwa chake sindikufuna kuti muzidikira kuti munthu achite kulephera kulowa pakhomo ndiye muziti pali vuto.

Muyezo wake mungauchite panopa, wopanda sikelo. Tengani chingwe, muyeze kutalika kwanu kuchokera kuchidendene mpaka pamwamba pa mutu, mudule. Chipindeni pawiri, n'kuchizunguliza m'chiuno cha pamwamba pang'ono pa mchombo, osakoka mimba. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikalephera kukumana, ndiye kuti mafuta a m'mimba achuluka. Ngati pamwamba pa zimenezo khosi lada, kapena msambo ukudumpha, kapena kubanja kwanu alipo wodwala shuga, pitani kuchipatala mukapemphe kuti akuyezeni shuga ndi BP. Pitani m'mawa musanadye. Makina akaonetsa 7.0 kapena kuposa, adzafuna kubwereza kuti atsimikize matenda. Akaonetsa pakati pa 6.1 ndi 6.9, muli pamene panali mdzukulu wanga, pakhomo, pamene munthu angathebe kubwerera. Zikafunika adzakutumizani ku Chipata Central Hospital. Nambalazo muzizilemba m'kabuku, musamangomva zoti "zili bwino" n'kutuluka.

Ndipatuke pang'ono, chifukwa pali shuga wina amene sadikira. Mwana, kawirikawiri woonda, akayamba kumwa madzi osakhuta, kukodza pafupipafupi, kukodzera pamphasa atasiya kale, kuonda mofulumira, nyerere n'kumaunjikana pamene wakodza, ameneyo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Ukhoza kukhala mtundu woyamba, umene kapamba wasiyiratu kupanga insulini. Sunabwere chifukwa cha kudya kapena ulesi, si ufiti, ndipo mankhwala ake ndi jakisoni wa insulini basi. Munthu woyamba kupulumutsidwa ndi jakisoni ameneyu, ku Toronto mu Januwale 1922, anali mnyamata wa zaka 14, Leonard Thompson.

Tibwerere ku mphika. Choyamba chimene ndikukupemphani kuti musiye si nsima ayi, ndi shuga wakumwa. Botolo la 500 ml la chakumwa chozizira limakhala ndi shuga wokwana masupuni a tiyi 12 kapena 13. Palibe mwa inu amene angakhale pansi n'kubwira masupuni 13 a shuga, koma m'botolo mumameza osazindikira, ndipo pakatha ola njala ili pomwepo. Mu 2015 WHO inalangiza kuti shuga wothira asapitirire masupuni pafupifupi 12 patsiku kwa munthu wamkulu, ndipo kuti 6 ndiye abwino koposa. Botolo limodzi lamaliza kale za tsiku lonse, tiyi wa m'mawa tisanamuwerenge. Majuwisi, maheu a m'botolo, zakumwa zimene amati zopatsa mphamvu, mafiziti a pageti la sukulu, onsewo ndi a mtundu umodzi. Thobwa lathu lomwe, mukalithira shuga wodzaza dzanja, lalowa m'gulu lomwelo. Ena amati shuga wa m'Zambia ali ndi vitamini A. N'zoona, anayamba kumuikamo mu 1998 pofuna kuteteza ana aang'ono. Koma vitamini yemweyo ali mu kandolo wofiira mkati, m'mango, m'mapapaya ndi m'chiwawa. Boma linaika msonkho wa 30 ngwee pa lita imodzi ya zakumwa zotere mu 2019. Kwa ine msonkho woyambira pamenepo unali wochepa kwambiri moti sukanabweza dzanja la mwana aliyense, choncho dzanjalo mulibweze nokha. Ludzu mankhwala ake ndi madzi. Tiyi muzimuchepetsera shuga pang'onopang'ono, supuni imodzi mlungu uliwonse, lilime limazolowera.

Nsima idyeni, ndi chakudya chathu. Koma taonani mmene mbale yathu yasinthira: mitanda inayi ya ufa wa breakfast woyera mbee, ndiwo kadontho pambali, mafuta ophikira akuyandama. Itembenuzeni mbaleyo. Ndiwo zamasamba zichuluke, nsima ichepe, ndipo ikhale ya mgaiwa kapena ya roller, imene gaga wake sanachotsedwe yense. Ndikudziwa kuti ena mumachita manyazi kupita kuchigayo kukagayitsa mgaiwa, mumati ndi wa osauka. Gaga ameneyo ndi amene amachedwetsa shuga kulowa m'magazi ndi kukusungani okhuta. Komabe mgaiwa si mankhwala, mitanda isanu ya mgaiwa ndi yambiribe.

Chimene chimandiwawa mtima n'chakuti chakudya chimene thupi lotere likufuna chili m'minda mwathu momwe. Chigawo chathu cha Kum'mawa ndicho nkhokwe ya nshawa m'dziko lino. Chalimbana amadziwika mpaka kunja, ndipo pa Msekera pomwepa akatswiri akhala akutulutsa mbewu zatsopano za nshawa kwa zaka zambiri. Tili ndi nyemba, khobwe, nandolo, soya, chiwawa, bonongwe, therere, kholowa, mazira a nkhuku zachikuda, mbewa m'chilimwe, magwafa ndi masuku panyengo yake. Koma nshawa ndi soya timagulitsa zonse kwa mavenda pamtengo wolira, ndalama yake n'kugulira mabisiketi, tchipisi ndi masoseji. Mwana wopita kusukulu atadya phala la mgaiwa lothira nsinjiro, m'thumba muli nshawa zokazinga ndi gwafa, wadya bwino kuposa mnzake wonyamula K10 ya vitumbuwa ndi fiziti, ngakhale anzake aziona ngati wachiwiriyo ndiye wa kwa olemera. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

Tsono miyendo. Apa pali chinthu chimene chinandisangalatsa nditachimva: mnofu ukamagwira ntchito umatsegula wokha nkhokwe, osadikira odi. Umakoka shuga m'magazi ngakhale insulini akuvutika, ndipo ukapuma umakhala womvera bwino mpaka tsiku lotsatira. Chipata inkadziwika ngati tauni ya njinga, inali ndi fakitale yakeyake ya Luangwa Industries, ndipo munthu ankapalasa kuchoka kuno kukafika kutauni n'kubwerako tsiku lomwelo. Lero mnyamata wa zaka 16 amaimitsa njinga yamoto kuti akafike pamsika pamene akupaona ndi maso. Sindikudana nazo njinga zamotozo, zapulumutsa amayi apakati ambiri usiku. Koma wodwala akwere, wamphamvu ayende. WHO imati mwana wa zaka 5 mpaka 17 azichita zolimbitsa thupi mphindi 60 tsiku lililonse, zoti mtima ugunde ndi thukuta lituluke. Sizifuna ndalama. Khasu, mjigo, mpira, netibo, kupalasa njinga, chimtali, chitelele, zonsezo ndi zomwezo. Amene munapitako ku Nc'wala ku Mtenguleni munaona madoda a imvi akuponda ngoma dzuwa lili pamutu, mpweya osawathera.

Kwa inu atsikana ndili ndi mawu apadera, ndipo alangizi anzanga andimve. Mtsikana akangotha msinkhu timamuuza kuti namwali sathamangathamanga, sadumpha chingwe, akhale pansi modekha. Ndiye kuti timamukhazika pansi pa zaka zomwe zija thupi lake likuvutika kumvera insulini. Ulemu wa namwali suli m'kukhala pamkeka. Thamangani, sewerani netibo, vinani. Ndipo pali zina zimene mumachita mobisa: timabotolo ta mankhwala otsegula chilakolako cha chakudya, ndi timapiritsi ta dexamethasone, zimene mumagulitsana kuti mutuluke mahipi. Dexamethasone ndi mankhwala amphamvu a matenda ena. Womwa popanda dokotala amatupa nkhope ndi mimba, mafupa amafooka, ndipo shuga amakwera. Amene wawamwa nthawi yaitali asawasiyenso mwadzidzidzi, apite kuchipatala akanene zoona kuti amuchepetsere bwino. Koma inu amene mumamwa ma ARV, mukaona thupi likukwera, musasiye ngakhale tsiku limodzi. Kauzeni anamwino, akuyezeni shuga, akulangizeni.

Usiku muzigona. Wachinyamata amafunika maola 8 mpaka 10, ndipo tulo tikachepa thupi limamvera insulini movutikira, njala ya zotsekemera n'kukula. Foni igone pabalaza.

Kodi zonsezi zimathandizadi? Mu 2002 ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa akuluakulu 3,234 amene anali pakhomo pa matenda a shuga. Amene anasintha kadyedwe, kuyenda mphindi 150 pamlungu ndi kutsitsa thupi pang'ono chabe, cholinga chili pa makilogalamu 7 pa 100 alionse, anachepetsa ngozi yodwala ndi 58 pa 100. Amene anapatsidwa metformin anachepetsa ndi 31 pa 100. Mphika ndi miyendo zinaposa piritsi. Inu muli ndi mwayi wina umene akuluakuluwo analibe: mukadali kutalika. Kwa ambiri a inu n'zokwanira kuti sikelo iime pamene ili, msinkhu n'kumakwera. Choncho musadzimane chakudya, musamagone ndi njala dala, musagule matiyi ochepetsa thupi kapena zitsamba za anthu olonjeza kuti amachiza shuga m'masiku asanu ndi awiri. Thupi limene likukula likufuna kudya. Kudzizunza ndi njala kumatha ndi kudya mobwezera, ndipo ena kumawadwalitsa maganizo.

Inu oonda, musaseke. Ana awiri akhoza kudya mbale imodzi, wina n'kunenepa wina ayi, chifukwa matupi timatengera kumtundu. Kuonda si umboni woti mkati muli bwino. Ndipo maina achipongwe amene mumapatsa anzanu pabwalo la sukulu sanachepetsepo thupi la munthu ndi kamodzi komwe. Amangomuchotsa pabwalo la mpira, kumene amafunika kukhala, n'kumubisa m'nyumba ndi chakudya. Ine ndinanyoza ndi mwala m'manja, ndikudziwa chimene chimatuluka pamenepo. Mnzanu wonenepa muitaneni ku timu yanu, muziyenda naye popita kusukulu.

Makolo amene mukumvetsera kumbuyoko, mwana sagula ufa, sagula mafuta, sasankha ndiwo. Musamuphikire kamphika kakekake ngati wolangidwa, ena akumwa zozizira iye akuyang'ana. Kwa mwana wanga ku Chipata anasintha mphika wa nyumba yonse. Sizinali zophweka, ang'onoang'ono analira tiyi wawo milungu iwiri, ndipo apongozi anga poyamba ankati mgaiwa sangadye. Koma tsiku lina ataperekeza mwana kukayezetsa, anatambasula mkono kuti awayeze nawonso, n'kupezeka kuti BP yawo inali yokwera osadziwa. Tsopano madzulo amayenda limodzi ndi mwana wawo.

Mdzukulu wangayo anabweranso tchuthi chapitachi, ali ndi zaka 16. Sanasanduke woonda ayi, ndi wathupi ndithu ngati azakhali ake, koma watalika, ndipo chingwe chija nsonga zake zatsala pang'ono kukumana. Msambo ukubwera mwezi ndi mwezi. Kusukulu amapita wapansi, ndipo amatchinga pagolo pa netibo. Nditamukhazika pakhonde kuti ndimuluke, ndinakweza tsitsi lakumbuyo mtima ukugunda. Kuda kuja kwazilala, kwatsala kamthunzi chabe. Chimene chikuonekabe bwino ndi chipsera cha mwala wanga. Ndinachikhudza ndi chala n'kunena kuti, "Mama, ndinakulakwira. Undikhululukire." Anakhala chete kanthawi, kenako anagwira dzanja langa pakhosi pomwepo nati, "Ambuya, malizani kuluka, tipite kudimba dzuwa lisanalowe."